Ndinagwa pagome ndikudzudzula mowa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 58, ndimakhala kwa Phalula m'boma la Balaka. Ndimalima chimanga ndi nandolo, ndipo mayi a kunyumba, a Elube, amagulitsa tomato ndi anyezi pamsewu. Kutchalitchi kwathu ndine mkulu wa mpingo, chaka chino ndi cha 19. Mowa sindinaulawepo chibadwire, ngakhale thobwa logona masiku awiri ndimalikana. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse kukula kwa chipongwe chimene chandigwera. Pa 14 mwezi wamawa ndikukaonekera pabwalo la akulu a mpingo pa mlandu wa kuledzera.

Nkhani inayamba chaka chatha. Ndinkamva ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi, thupi kumangotha mpaka lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano. A Elube anandikakamiza kupita kuchipatala ku Balaka. Kumeneko anandibaya chala n'kundiuza kuti ndili ndi matenda a shuga. Ndinakana. Agogo anga anachoka ku Mozambique wapansi, katundu ali pamutu, ndipo anamwalira mano onse ali m'kamwa. Bambo anga anagwira khasu mpaka zaka 90. Komanso ine ndemwe ndinalalikirapo kuti shuga ndi matenda a anthu adyera a m'tauni. Adokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachitatu, anangoti, "Bambo, makinawa sawadziwa agogo anu."

Anandipatsa mapiritsi a mitundu iwiri. Lalikulu loyera, lotchedwa metifomini, anati ndizimwa m'mawa ndi madzulo. Kena ndi kakang'ono, dzina lake lopinda lilime, kongomwa m'mawa. Kakang'onoko kanalibe vuto. Koma lalikululo, Aphungu, ndi mdani. M'mimba mumalira ngati chigayo cha dizilo, m'kamwa ngati ndatafuna msomali, ndipo njira ya kuchimbudzi inasalala ndi mapazi anga. Tsiku lina ndinadula pemphero lotsekera pakati, anthu n'kumayamikira kuti akulu a mpingo aphunzira kufupikitsa.

Nditabwerera kuchipatala, adokotala aja anafunsa kuti, "Mankhwala akukuyanjani?" Ndinayankha kuti, "Kwambiri." Nanga bambo wamkulu ngati ine ndingafotokozere mwana wamkazi za kuchimbudzi? Atamva kuti akundiyanja, anawonjezera mlingo wa lalikulu lija.

Tsiku lomwelo pamzere ndinakumana ndi Che Twalibu, telala wa pamsika pathu. Anandilonjera mokweza kuti, "Nanunso shuga, akulu? Takulandirani!" Ndinati, "Iyayi, ndadzaona wodwala." Anayang'ana buku la kuchipatala limene linali m'manja mwanga, n'kunena kuti, "Wodwalayo mumuuze kuti asamachite manyazi. Ine Ramazani ikamayandikira ndimabwera kudzakambirana ndi adokotala za kamwedwe ka mankhwala ndisanayambe kusala." Ndinawathokoza m'malo mwa wodwalayo.

Poona kuti thandizo palibe, ndinakonza ndekha ndondomeko. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, masamu ndimawadziwa. Tsiku lokhala pakhomo ndinkamwa onse monga anandiuzira. Tsiku la tchalitchi, maliro kapena ulendo, lalikulu ndinkalisiya, m'malo mwake n'kumwa ting'onoting'ono tiwiri. Zinkayenda bwino. Nthawi zina manja ankanjenjemera chakumasana, koma ndikadya zinkatha.

Mwezi wathawu mpingo wathu unaitanidwa ku msonkhano wa chitsitsimutso ku Machinga, kupitirira Liwonde, ndipo ine anandisankha kuti ndikalalikire za kuipa kwa mowa. Tinanyamuka pa lole m'mamawa. Pa lole palibe chimbudzi, choncho lalikulu ndinalisiya. Ndinamwa ting'onoting'ono tiwiri, kenaka poganizira kuti alendo amalandiridwa ndi mpunga ndi Fanta, ndinawonjezera kachitatu kuti kakayambe kukonza njira. Chakudya sindinadye, chifukwa tsiku lolalikira ndimasala mpaka nditatsika pagome. Lole inatisiya pamene msewu unaipira, tinayenda wapansi mtunda wautali ndithu, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ine ndili mu suti ndi nsapato zatsopano.

Ulaliki ndinauyamba bwino. Chimene ndikukumbukira ndi thukuta lozizira, mtima kugunda, ndi zilembo za papepala langa kuyenda ngati nyerere. Zotsalazo ndinachita kuuzidwa ndi a Elube. Akuti ndinatchula mawu akuti "mowa" kasanu ndi kawiri motsatizana, n'kuyamba kuseka. Akuti abusa ndinawatchula kuti "mphwanga". Akuti ndinavula jekete, n'kuyambitsa nyimbo imene kwaya sinaidziwe, kenaka ndinadzandira n'kugwa pamodzi ndi gome ndi maluwa omwe.

Woyamba kundithamangira anali a Saulos. Awa ndi bambo amene ine ndinatsogolera kuwadula mumpingo zaka zitatu zapitazo chifukwa cha kachasu, ndipo angobwezeretsedwa kumene. Akuti anagwada, anandinunkhiza kukamwa, n'kuimirira kunena kuti, "Abale, ine mowa ndaumwa zaka makumi atatu, wamasese, kachasu, wa m'masacheti, wonse. Uwu si mowa. Bambowa akudwala." Wina kumbuyo anayankha kuti, "Mwaonatu, ayamba kutetezana."

A Elube anathamangira kumene amayi ankaphika tiyi wa alendo, anasungunula shuga m'kapu ya madzi. Akuti maso ndinali ndikuphethira ndipo ndinkatha kumeza, a Saulos atandigwira mutu. Patapita mphindi zingapo ndinatsitsimuka, n'kupeza mpingo wonse wa maboma awiri ukundiyang'ana. Abusa anafunsa a Elube kuti ndimadwala chiyani. Poti ndinawalumbiritsa kuti za shuga asauze munthu, anayankha kuti, "Ndi malungo." Mayi wina wa kumeneko anati, "Malungo ochira ndi madzi a shuga? Kwathu kuno timati matsire."

Abusa anafuna kuti ndipite kuchipatala ku Liwonde, ndinakana. Pobwerera, titangodutsa Balaka, kunjenjemera kunayambiranso, a Elube anandidyetsa nthochi ndi mabanzi mpaka tinafika.

Panopa kanema wa kugwa kwanga ali pafoni iliyonse kuyambira ku Liwonde mpaka pa Zalewa. Ogula tomato amaimitsa galimoto n'kufunsa a Elube kuti, "Ndinu akazi a mlaliki uja?" Anyamata a pamalo omwera mowa amene ankabisala akandiona, tsopano amandikwezera botolo n'kumati, "Mwadzuka bwanji anzathu?"

Chichitikireni zimenezi, kakang'ono kaja ndinakasiyiratu. Lalikulu ndimamwa apo ndi apo, ndipo ndikumwa madzi a masamba a nimu. Ludzu labwerera, maso akuchita nkhungu, komanso kachilonda kamene nsapato zija zinandisiya pachala cha kuphazi sikakupola, koma zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu ndi mlanduwu. A Elube akuti akapita nalo okha buku la kuchipatala kubwalo la akulu a mpingo. Dzulo anandiuza kuti, "Bambo, ine ndatopa ndi kukhala mkazi wa chidakwa chosamwa mowa." Bukulo ndalibisa m'thumba la nandolo.

Simukudziwa anthu a kuno, Aphungu. Akangomva kuti mwamuna ali ndi shuga, amayamba kunong'ona kuti anagwa m'papaya. Komanso ulaliki wanga uja wa anthu adyera sanauiwale.

Ndiye ndithandizeni. Kodi ting'onoting'ono tingati timafanana ndi lalikulu limodzi, popeza zikuoneka kuti masamu anga anaphonya pang'ono? Kodi mlanduwu ndingaupambane bwanji osatchula shuga? Komanso a Saulos akumabwera kudzandizonda sabata iliyonse, dzana anabweretsa chinangwa. Chikondi chotere chochokera kwa munthu amene unamudula mumpingo, kodi si iwowa amene anandichita chipongwe? Chonde dzina langa musalitchule.

B.Y.,
Phalula, Balaka

Bambo B.Y.,

Dzina lanu sindinalitchule, monga munapemphera. Kungoti akulu a mpingo a kwa Phalula amene anagwa ndi gome ku Machinga sindikukhulupirira kuti alipo awiri. Chinsinsi chanu chili ngati nkhuku yobisa mutu m'udzu, mchira uli pamtetete. Bola anthu amve kwa inu mwini kusiyana n'kumva kwa ine.

Pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Ndaseka, sindinama, koma nditafika pa kachilonda kaja kuseka kunatha. Mwandifunsa mafunso atatu, ndipo chinthu choopsa kwambiri m'kalata yonse mwachitchula modutsa n'kunena kuti n'chaching'ono. Chilonda cha kuphazi chimene chatha masabata osapola, kwa munthu wa shuga amene wasiya mankhwala, ndi mmene anthu amatayira chala, ena mwendo. Ludzu ndi nkhungu m'masomo zikukuuzani kuti shuga wakweranso. Mlandu uli pa 14 mwezi wamawa, koma phazi silidikira pa 14. Mawa m'mawa mupite kuchipatala. A Elube, ngati mukuwerenga, buku lili m'thumba la nandolo.

Mutenge bukulo, mapiritsi onse otsala, ndi a Elube. Mukafika muvule nsapato, kenaka muvule ulemu wa ukulu wa mpingo, muwauze adokotala zonse zimene mwandiuza ine: chigayo cha m'mimba, masamu anu, ting'onoting'ono titatu tija, kugwa, ndi nimu. Mwakwanitsa kufotokozera dziko lonse za kuchimbudzi kudzera m'nyuzipepala, simungalephere kufotokozera munthu mmodzi amene anapita kusukulu kukaphunzira zomwezo. Mtsikanayo tsiku lililonse amamva zoposa zanuzo asanamwe n'komwe tiyi. Ndipo taonani chimene ulemu wanu unakugulirani. Munati mankhwala akukuyanjani kwambiri, iye n'kukuwonjezerani. Mlingo wa mankhwala a shuga amausintha potengera zimene makina aonetsa ndi zimene wodwala wanena. Makina ananena zoona, inu munanama.

Za metifomini ndafunsa kwa a zachipatala. Kutsegula m'mimba, mseru ndi kukoma kwa chitsulo m'kamwa zimachitikira anthu ambiri poyamba, ndipo kawirikawiri zimachepa pakapita masabata angapo thupi likazolowera. Limavuta kwambiri ukalimwa m'mimba mulibe kanthu, kapena mlingo ukakwera mofulumira. Ndiye amalangiza kulimwa pakati pa chakudya kapena utangomaliza kudya. Zikapitirira, adokotala amatha kutsitsa mlingo n'kumaukweza pang'onopang'ono, kapena kukusinthirani mankhwala. Inu mwakhala mukulimwa Lolemba, kulisiya Lachitatu, kuliyambanso Lachisanu. Thupi lizolowera liti mlendo wobwera mwa apo ndi apo? Kutsegula m'mimbako kukadzakula kwambiri, kapena mukamasanza, musadzadikire tsiku lanu la kiliniki, mudzapite tsiku lomwelo.

Tsopano masamu. Ting'onoting'ono tingati timafanana ndi lalikulu limodzi? Palibe. Funsoli lili ngati kufunsa kuti nkhwangwa zingati zimafanana ndi khasu limodzi. Mapiritsi awiriwa amagwira ntchito zosiyana. Lalikulu limathandiza kuti thupi lisamadzaze shuga wambiri m'magazi, ndipo palokha sikawirikawiri kugwetsa munthu. Kakang'onoko, ngati ndi kamene ambiri amalandira kotchedwa gilibenikilamaidi, kamakankha shuga kuti atsike, ndipo sikafunsa ngati mwadya kapena ayi. Inu munamwa titatu, osadya, n'kuyenda mtunda padzuwa. Mpunga umene munkaukonzera njira unali usanapse n'komwe. Shuga anatsika mpaka ubongo unasowa chakudya, ndipo ubongo wanjala umachita ndendende ngati wa munthu woledzera: lilime kulemera, kuseka zopanda pake, kudzandira, kutchula abusa kuti mphwanga. Masamu anu sanaphonye pang'ono. Anatsala pang'ono kukuphani.

Musadzawonjezerenso, kuchepetsa kapena kusinthanitsa mapiritsi panokha. Ngati mwaiwala kumwa, musadzamwe awiri pofuna kubweza. Ndipo kakang'onoko musakayambirenso mwa nokha lero chifukwa choti ndakukalipirani, akakuuzeni adokotala atakuyezani. Nimu ndi wowawa, ndikudziwa, ndipo ife timakhulupirira kuti chowawa chilichonse ndi mankhwala. Koma mwamumwa masabata onsewa, ludzu likukulirakulira. Umboni wina mukufuna wotani?

Kusala kudya ndi nkhani ya inu ndi Mulungu wanu, sindilowererapo. Koma Che Twalibu anakupatsani kale ulaliki wabwino pamzere paja, inu n'kuulandira m'malo mwa wodwala wina. Wodwala shuga akafuna kusala amayamba wakambirana ndi adokotala, ndipo nthawi zina yankho limakhala lakuti ayi. Mukawapeze pa makina awo osokera, muwauze kuti wodwala uja ndi inuyo. Sadabwa.

Kuyambira lero, m'thumba la jekete muzikhala kapepala ka shuga kapena maswiti angapo. Mukamva kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi kapena mutu kuzunguzika, musamalize ndime. Khalani pansi, imwani madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, kapena theka la botolo la Fanta. Zikapanda kusintha pakatha mphindi khumi ndi zisanu, bwerezani, ndipo mukatsitsimuka idyani chakudya chenicheni. A Elube anachita bwino chifukwa munkatha kumeza. Koma adziwe, ndipo ena onse adziwe, kuti munthu amene wakomokeratu samuthira kanthu m'kamwa, angatsamwe. Amamugoneka cham'mbali n'kuthamanga naye kuchipatala. Abusa ananena zoona kuti mupite ku Liwonde. Kapiritsi kaja kamakhalitsa m'thupi, n'chifukwa chake zinakuyambiraninso pa lole. Mukanakhala opanda nthochi za a Elube, bwenzi kalatayi atalemba ndi iwo, ndipo ikanakhala ya mtundu wina.

Za papaya tinene mosabisa, tonse ndife akuluakulu. Chimene chimagwetsa amuna mumtengomo si dzina la matenda, komanso si mapiritsi. Ndi shuga wosiyidwa kuti azikwera mwakufuna kwake, amene amawononga mitsempha mwakachetechete, ya m'maso, ya m'mapazi, ndi ya kumene mukuopako. Ndiye njira imene mwasankha pothawa mphekesera ndi yomwe ingadzachititse kuti mphekeserazo zikhale zoona. Ngati vutolo layamba kale, nalonso muwauze adokotala, thandizo lilipo.

Mlandu wanu ndi wosavuta kuposa yonse imene munaweruzapo. Pemphani kalata kuchipatala, mupite nayo kwa abusa tsiku la bwalo lisanafike, pamodzi ndi buku lija mutalikuntha fumbi la nandolo. Njira yopambanira osatchula shuga ndilibe, ndipo ndikanakhala nayo sindikanakupatsani. Taganizani bwino zimene mukusankha. Mukulolera kudulidwa mumpingo chifukwa cha tchimo limene simunachite, pofuna kubisa matenda amene si tchimo. Za ulaliki wa anthu adyera, mukaime pagome lomwelo munene kuti munalakwitsa. Shuga amagwira mlimi, telala, mphunzitsi, wonenepa ndi wowonda. M'mabenchi mwanumo muli anthu amene akubisa mapiritsi awo chifukwa cha zimene munanena tsiku limenelo. Ulaliki wokonza zimenezi udzathandiza anthu ambiri kuposa wa mowa uja, umene ngakhale inuyo simunaumve mathero ake.

A Elube muwapepese. Munawasenzetsa bodza pamaso pa mpingo, ndipo akulipirira pamsewu tsiku lililonse pamene inu muli pakhomo kumwa nimu.

Tsono a Saulos. M'tchalitchi monse modzaza anthu osamwa, munthu mmodzi yekha ndi amene anadziwa kuti simunaledzere, ndipo anaimirira n'kunena, akudziwa kuti amuseka. Zaka makumi atatu za kachasu zinapeza ntchito tsiku limenelo. Amene anakuchitani chipongwe mumamuona pagalasi mukamameta ndevu. Chinangwacho landirani ndi manja awiri, mudye pang'ono poti chimakweza shuga, ndipo muwapemphe a Saulos kuti akakhale mboni yanu pa 14. Muwauzenso za kapepala ka shuga ka m'jekete, chifukwa aonetsa kale kuti mukagwa amathamanga ndi iwo.

Chenjezo langa ndi ili, bambo. Mukapitiriza kubisa, anthu a kwa Phalula atsala ndi dzina limodzi lokha la vuto lanu, ndipo dzinalo ndi mowa. Tsiku lina mudzagwanso, mwina kumunda, mwina pamsika, a Elube ali kutali. Anthu achifundo adzakunyamulani bwinobwino, osati kupita nanu kuchipatala, koma pamthunzi, n'kuuzana kuti, "Asiyeni agone, ukawatha adzuka." Woledzera amadzukadi. Inu simudzadzuka.

Aphungu